Asiyeni ana adetsedwe ndi fumbi

Sabata yatha ndinakacheza kwa mlamu wanga kutauni. Mwana wake wa zaka zinayi ndinamupeza pampando, foni ili m'manja, paketi ya jigisi pambali. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, n'kutsanzika litapendeka, iye ali pomwepo. Nditadabwa, mayi ake anaseka: "Alamu, akakhala chonchi sadetsa zovala. Simukuona mmene wanenepera?"

Ambiri timaganiza ngati mlamu wangayu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ndiye tikaona mwana wamasaya timati mayi akudziwa kulera. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 5 mwa 100 alionse ndi onenepa mopitirira muyezo. Mwana wotere kawirikawiri amakula ndi thupi lomwelo, ndipo m'tsogolo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi savuta kumupeza.

Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azitakataka kwa maola atatu patsiku, ola limodzi likhale la masewera otulutsa thukuta. Foni kapena TV isapitirire ola limodzi. Mwana wa chaka chimodzi kapena wocheperapo asamamukhazike pa zinthu zimenezi n'komwe.

Akumudzife tisanamizane kuti ili ndi vuto la m'tauni mokha. Sola itafika, makatuni anafikanso. Kusukulu zina zamkombaphala ana amakhala pamphasa m'mawa wonse akuloweza ABC, poti makolofe timafuna kumva Chingerezi akaweruka. Tikuiwala kuti kwa mwana wamng'ono, kusewera ndi phunziro. Pothamanga ndi kudumpha mafupa ndi minofu zimalimba. Pamasanje amaphunzira kuyankhula, kugawana ndi kudikira nthawi yake.

Mankhwala ake safuna ndalama. Mpira wachikulunga ndi majumbo ndi chingwe basi. Chibisalirano ndi jingo sizilira mayunitsi. M'malo mwa jigisi ndi zakumwa zashuga tsiku lililonse, mpatseni nthochi, mbatata kapena mango. Ndipo tikapita kusikelo, tisamangosangalala kuti kulemera kwakwera. Tifunse alangizi azaumoyo ngati kukugwirizana ndi msinkhu wake.

Makolo anzanga, madzulo ano ikani foni pamwamba pa kabati, mutsegule chitseko. Zovala zikada tidzachapa.