Tionetseni kontrakiti ya ba Town Clerk

Town Clerk watsopano akalowa ofesi ku Civic Centre, ise timangomva dzina chabe. Malipiro ni zingati? Nanga motoka, mafuta, nyumba na ndalama yopatsidwa kontrakiti ikasila? Zii! Koma ndalama izo zichokera kuli ise: ma rates, na levy ya amai ogulitsa pa Soweto Market.

Meya timamusankha na voti. Town Clerk amaikidwa na Local Government Service Commission, ndiye pomugwirira ise ni pa kontrakiti pamene. Lamulo la Access to Information linasainidwa mu 2023, manje mubisa chani?

Ikani pepala poyera, ndipo mulembemo kuti ngalande za mu Kanyama zikatsekeka, zinyalala zikaunjikana, kolera nkubwera monga mu 2024, ma allowance adulidwe. Olipira ndise.