Matope a ku mgodi asawerengedwe ngati dothi wamba

Mayi aliyense amene amatunga madzi mu Likangala nthawi ya dzinja amadziwa kuti ukaisiya ndowa usiku wonse, m'mawa madzi amakhala ayera, koma pansi pamakhala matope. Litsiro lija silinapite kulikonse, langosintha pokhala. Abale anga alimi, nkhani ya madzi a ku migodi imayendanso chimodzimodzi, ndipo ndikufuna tiikambirane migodiyo isanatifike pakhomo.

Madzi otuluka mu mgodi nthawi zambiri amakhala ndi asidi komanso tizitsulo tosungunuka monga mtovu ndi kopa. Pofuna kuwayeretsa, akatswiri amathiramo laimu. Laimuyo amapha asidi, ndipo tizitsulo tija timagwirana n'kudikha pansi. Madzi oyera amawataya mu mtsinje, nduna n'kuombera m'manja. Nanga matope otsala aja amapita kuti? Poizoni yense amene anali m'madzi ambirimbiri tsopano waunjikana mu dziwe limodzi.

Ganizo langa ndi lakuti boma lilembe poyera kuti matope amenewa ndi zinyalala zoopsa, pokhapokha atayezedwa n'kupezeka kuti alibe vuto. Udindo wotsimikiza zimenezi ukhale wa mwini mgodi, osati wa mlimi amene mpunga wake wafota.

Ena anena kuti ku Zomba kuno kulibe mgodi wotere. Zoona. Koma kampani ya ku Australia ya Chilwa Minerals yakhala ikufufuza mchenga wa mtengo wapatali m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo kwa anansi athu ku Phalombe kampani ya Mkango Resources ikukonzekera mgodi pa phiri la Songwe. Sindikunena kuti makampaniwa alakwa kanthu. Ndikunena kuti lamulo likonzedwe mgodi usanatsegulidwe, pakuti madzi akatayika sawoleka.

Kumbukirani kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mulunguzi wochokera pa phiri la Zomba, Likangala, Domasi ndi Thondwe onse amathera mmenemo. Chimene chalowa chimakhala momwemo. Nyanjayi inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ikauma anthu amalima ndi kudyetsa ng'ombe pa dothi lomwelo, mphepo n'kumauluza fumbi lake m'midzi. Tizitsulo sitiola ngati mapesi. Tikafika m'minda ya mpunga ya ku Likangala kapena ku Domasi, tidzatidya ife, tidzatidyanso adzukulu athu, pamodzi ndi matemba ndi mlamba.

Taonani zimene zinachitika ku Zambia pa 18 February 2025. Damu la zotsalira za mgodi wa kopa wa Sino-Metals Leach Zambia kufupi ndi Chambishi linaphulika, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, chimanga chinapsa m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Boma linatumiza ndege za asilikali kukawaza laimu mu mtsinjewo. Asidi anachepa, koma tizitsulo tikadikha pansi pa mtsinje palibe ndege imene ingatichotse.

Kuno kwathu, mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itagwa. Mu 2015 kampani ya Paladin inayamba kutaya madzi oyeretsedwa mu mtsinje wa Sere, ndipo anthu a ku Karonga anadandaula kwambiri. Mgodiwo unagulitsidwa kwa Lotus Resources mu 2020 n'kuyambiranso mu 2025. Phunziro lake ndi lakuti mgodi umatha kuima, eni ake amatha kusintha, koma zinyalala zimakhala pamalo pomwepo.

Makampani adzati kusunga matope ngati zinyalala zoopsa ndi kodula, ndipo matope ena alibe vuto. Chabwino, ayezedwe, zotsatira zake zikhomedwe kwa DC ndi kwa mfumu m'Chichewa. Akakhala abwino, amasulidwe. Koma matope akangotchedwa dothi wamba angatayidwe m'chigwembe chilichonse. Choopsa china n'chakuti popeza muli laimu, wina angawagulitse pa msika ngati mankhwala okonzera nthaka. Ndi kukwera mtengo kwa feteleza kumeneku, ndani wa ife angakane thumba lotsika mtengo? Safunsa anadya phula.

Tili nalo lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo likulu la nthambi ya boma yofufuza miyala lili mu Zomba momwe muno. Tikupempha zinthu zitatu. Matopewa alembedwe m'gulu la zinyalala zoopsa. Asungidwe m'maiwe oyalidwa pansi kuti asadonthe, kutali ndi mitsinje ndi madambo. Ndipo kampani isiye ndalama zosamalira maiwewo isanakumbe ngakhale khasu limodzi.

Akabwera kudzachititsa msonkhano m'mudzi mwanu, adzakuuzani za ntchito, mijigo ndi sukulu. Landirani alendowo mwaulemu. Koma wina aimirire n'kufunsa kuti: mukayeretsa madzi anuwo, matope mukawaika kuti, ndipo adzawayang'anira ndani inu mukadzapita?