Anyamata aone ntchito asanasankhe maphunziro

Ku Mzuzu mnyamata atha kuphunzira zaka 4 pa sekondale ya ku Chibavi kapena ku Katoto osapondapo pa geti la Mzuzu Technical College, ngakhalenso la Mzuzu University ku Luwinga, chonsecho ndi mtunda wongokwera njinga ya kabaza yotchedwa Sacramento. Ine ndikuti uphungu wa ntchito uziyamba akamaliza Fomu 2, posankha maphunziro odzalemba pa MSCE, pakuti wosiya Physics ndi Chemistry pamenepo wadzitsekera yekha khomo la uinjiniya asakudziwa. Ena ati mphamvu zipite kwa atsikana, amene mimba ndi maukwati zimawachotsa m'kalasi. Nzoona, ndipo ntchito ya bungwe la CAMFED yothandiza atsikana isachepetsedwe ngakhale pang'ono. Koma mnyamata naye ali ndi chomukoka: mnzake wa kabaza amagona ndi ndalama m'thumba tsiku lomwelo, pamene mphunzitsi akungolonjeza za mtsogolo mosaonetsa chogwirika. Amene waona mkulu wake akuwotcherera geti, kupima ndi tepi, kuwerengetsa zitsulo ndi kutchula mtengo, samafunsanso kuti masamu ngachiyani. Enanso ati ndalama palibe, nyimbo yathu ya masiku onse. Komatu TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, imalandira kale 1 peresenti ya malipiro kuchokera kwa olemba anthu ntchito. Kachigawo kochepa ka ndalamazo kangakwane kutengera kalasi ya Fomu 2 ku malo ophunzitsira zamagetsi, ukalipentala ndi umakaniko kamodzi pa temu.