Walira Bandi Walira Phokoso

Pali mkulu wina kuno ku Domwe amene wandidwalitsa mutu sabata ino. Dzina sindimutchula, timagula feteleza sitolo imodzi. Sukulu ina yapafupi inalandira malipenga akale angapo kuchokera kwa anthu a mpingo, ena otuwa, ena opindika kukamwa. Mphunzitsi wachinyamata wasonkhanitsa ana kuti pofika pa 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu wa Mozambique, adzalize Pátria Amada m'mawu anayi, aliyense ndi njira yake. Pamsonkhano wa makolo mkulu uja anadzuka n'kunena kuti: "Aphunzitsi, bwanji osangowapatsa kanyimbo kapafupi, onse aziliza chimodzimodzi? Izi mukuwapatsazi n'za asilikali a ku Maputo. Komanso ife makutu atopa."

Za makutuzo ndikumumvetsa. Mwana woyamba kumene kuliza lipenga amamveka ngati mbuzi yodzikola pachingwe. Amatupitsa masaya, maso psuu, malovu ali chuchuchu kunsi kwa lipenga, liwu lomwe akulifuna osatuluka. Ndiye muwaike khumi pansi pa mtengo umodzi, kuyambira poweruka mpaka nkhuku kulowa m'khola! Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tonsefe timafuna kudzaona ana athu akuguba pabwalo ku Ulongwe, nduna za boma zikuomba m'manja. Phokoso la mu Epulo ndiwo matope ake.

Chandiwawa ine ndi mawu aja akuti "kapafupi". Kodi anatiuza ndani kuti nyimbo yovuta ndi ya anthu a kutali? Tsikani phiri mupite kumunsi kwa chigawo chathu chomwe chino cha Tete, kwa Anyungwe, mukaone gule wa nyanga. Amuna amazungulira bwalo, aliyense atagwira timabango tochepa tomangidwa pamodzi. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse m'manja mwake. Uyu auzira mawu ake awiri n'kusiya, mnzake alowetsa ake pampata womwewo, ndipo pakati pa kuuzirako munthu yemweyo amaponyamo mawu apakhosi, uku miyendo yomangidwa maseche ikuponda kayendedwe kenanso. Mmodzi akaphonya, nyimbo yonse imabooka. Katswiri wofufuza za nyimbo Andrew Tracey analemba za gule ameneyu mu 1971, ndipo ophunzira nyimbo m'mayiko ena amatuluka thukuta pofuna kutsanzira guleyu. Anyungwewo sanaphunzire papepala. Anayamba ali anyamata, kulakwitsa, kusekedwa, n'kubwererako mawa.

Nanga abale athu kutsidya kwa malire? Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, anthu a ku Nyasaland amene anaona perete wa King's African Rifles sanakhale pansi kudandaula kuti alibe malipenga amkuwa. Anatenga zikho zazitali, n'kuboola, n'kumata pabowopo kachikopa ka nyumba ya kangaude, basi badza latheka. Mganda wa ku Dowa ndi Ntchisi komanso malipenga a ku Nkhata Bay anakula motero: mizere yowongoka, makabudula oyera, masokosi ofika m'maondo, gulu lonse kutembenuka nthawi imodzi. Yesani kulowa pamzere wa mganda musanayeserere, muone ngati pali chapafupi.

Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Gustav Holst wa ku England analemba First Suite in E-flat mu 1909, kulembera bandi ya asilikali. Chigawo chake choyamba chimayamba ndi kanyimbo kakafupi m'malipenga a mawu okhuthala, ndipo kamayenda kuchoka pagulu ili kupita pagulu ilo, ena akukazungulira ndi mawu awo. Lero ana a sukulu ku America ndi ku Japan amailiza. Sanabadwe ndi milomo yachitsulo. Anapezeka mphunzitsi wouma mutu amene anakana kuwapatsa zapafupi, ndi makolo amene anapirira.

Ifetu matenda amenewa okonda zapafupi tili nawo kalekale, ndipo owerenga danga lino mukudziwa kuti sinditopa kuwanena. Kukabwera mlendo wa boma timaimika ana padzuwa m'mawa wonse kuti abwereze mzere umodzi wa nyimbo yomulonjera mpaka mawu kusasa. Tikatero timati taphunzitsa chikhalidwe. Komatu ana omwewa Loweruka amakankha njinga yosenza thumba la kachewere kukwera chitunda, amadziwa kusintha meticais kukhala makwacha pamalire a Dedza osagwira cholembera. Pa ntchito ya thukuta sitiwamvera chisoni. Chisoni chimatigwira pokhapokha akafuna kuphunzira chinthu chokoma.

Chimene nyimbo ya mawu anayi imaphunzitsa mwana sichipezeka m'buku la masamu. Amaphunzira kukhala chete akuwerenga mumtima mpaka nthawi yake ikwane. Amaphunzira kuti wa lipenga lalikulu kumbuyo, amene palibe akumuyang'ana, ndiye wanyamula anzake onse. Amaphunzira kuchepetsa mawu ake kuti a mnzake amveke, luso lomwe ambiri a ife akuluakulu timalisowa pamisonkhano ya mudzi.

Ndiye akuluakulu oona za maphunziro m'boma la Angónia, m'malo motumiza kalata zoti ana afole pamsewu, tumizani mafuta othira m'mabatani a malipengawo, ndipo muitane mkulu mmodzi wa nyanga adzakhale ndi anawa ngakhale mwezi umodzi. Mukapanda kutero, zaka zikubwerazi nyimbo ya fuko tidzaimvera pa foni ya mlembi yolumikizidwa ku sipika, ndipo batire likadzatha pakati pa ndime tidzangoyang'anizana, mbendera ili pakati pa mlongoti.