Pampu ya Madzi Ikafa, Onaninso Anzake

Mwezi uno tikambirane za galimoto zija zazitali miyendo zotchedwa SUV, monga Land Cruiser, Prado, Pajero ndi CR-V, zimene mabanja ambiri agula chifukwa cha misewu yathu ya kumidzi. Zambiri mwa izo zimafika kuno zitayenda kale zaka zingapo ku Japan. Dzuŵa likaŵaŵa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mudzaziona zitaima pa zitunda za Chiweta kapena Thabwa, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo. Kaŵirikaŵiri chayambitsa vuto ndi pampu ya madzi.

Tiyambe tamvetsa ntchito yake. Injini imatentha koopsa pakuti mkati mwake mumayaka mafuta. Madzi ndiwo amachotsa kutenthako: amadutsa m'tinjira ta mkati mwa injini, napita ku ladiyeta kumene mphepo imawaziziritsa, nabwereranso. Chowakankha madziwo ndicho pampu, ndipo m'galimoto zambiri lamba wochokera ku injini ndiye amaizunguza. Panjirapo pali mlonda wotchedwa thermostat, amene amatseka khomo injini ikadali yozizira, natsegula kutentha kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 90. Chivundikiro cha ladiyeta nachonso chili ndi udindo wake, pakuti chimapanikiza madzi kuti asaŵire pa madigiri 100, koma apirire mpaka pafupifupi madigiri 120.

Pampu siifa mwadzidzidzi; imayamba yachenjeza. Kunsi kwake kuli kabowo kamene opanga anakasiya dala. Madzi akayamba kudontha pamenepo, kapena mukaona zoyera kaya zofiirira zitaumira m'mbali mwake, dziŵani kuti chotsekera cha mkati chatha. Mukamva phokoso lokukuta kutsogolo kwa injini, bering'i yadyeka. Zimitsani injini, mugwire gudumu la pampu limene lamba amayendapo. Likamagwedera, nthaŵi yakwana.

Muli pa ulendo, kamuvi kosonyeza kutentha kakafika pofiira, imani pomwepo. Musanene kuti "tatsala pang'ono kufika," chifukwa mphindi zoŵerengeka n'zokwanira kupsereza gasiketi ndi kupinda mutu wa injini, umene m'galimoto zambiri ngwa aluminiyamu. Pamenepo ndalama yokonzera imaposa mtengo wa pampu kangapo, ndipo amene amamva kuŵaŵa ndi ana oyembekeza fizi. Musatsegule chivundikiro injini ili yotentha, pakuti madzi oŵira adzakuthovokerani kumaso. Musathirenso madzi ozizira, chitsulo chingang'aluke. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kasinthidwe kake ndi aka, kaya mukuchita nokha kaya mukuyang'anira makaniko:

1. Injini itazizira, chotsani waya wa batire, ndipo mutulutsire madzi onse m'beseni.
2. Masulani lamba, fani ndi zonse zotchinga pampu. Mabawuti muwaike mwa dongosolo, pakuti ena ngaatali, ena ngaafupi.
3. Chotsani pampu yakale, muiyerekeze ndi yatsopano musanataye lisiti.
4. Palani bwino zotsalira za gasiketi yakale, koma osakanda chitsulo.
5. Ikani gasiketi yatsopano ndi pampu. Mangani mabawuti pang'onopang'ono modumphitsa, kufikira mphamvu imene buku la galimotoyo lanena.

Tsono mfundo yaikulu ya nkhani yathu nayi: musasinthe pampu yokha. Ziŵiya zonsezi zinayamba ntchito tsiku limodzi, ndipo zakalamba pamodzi. Thermostat ngwotsika mtengo, koma akakanirira chitsekere, pampu yatsopano siingathandize kanthu. Finyani mapaipi a labala. Olimba ngati nkhuni, ofeŵa kwambiri kapena otupa kumapeto, achotseni. Onani labala wa chivundikiro ndi ming'alu ya lamba. Ladiyeta zamakono zili ndi pulasitiki m'mapeto mwake, imene imafumbutuka ikakalamba. Pa Land Cruiser ndi Pajero zambiri, fani ili ndi klatchi yake; ikafooka, galimoto imatentha pokwera chitunda ngakhale zina zonse zili bwino. Pa injini zina, monga ya CR-V zoyambirira, pampu imazunguzidwa ndi lamba wa taiming'i, amene akaduka amawononga injini. Poti makaniko wamasula kale malowo, sinthani ziŵirizi pamodzi, mulipire ntchito kamodzi.

Za madzi othiramo, ambiri timalakwira galimoto zathu. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umaundana m'tinjira ta ladiyeta, monga muja muonera m'ketulo yakale, ndipo madzi okhaokha amabweretsa dzimbiri lodya mapiko a pampu. Thirani mankhwala otchedwa coolant a mtundu umene buku lanena. Ngati ngosasungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi oyera a batire, aja opanda asidi. Musaphatikize mitundu iŵiri yosiyana. Amayi ndi abambo, chenjerani: mankhwalaŵa amatsekemera koma ndi poizoni wakupha. Musawasunge m'botolo la zakumwa, ndipo akale aja musawasiye m'beseni pamene ana, agalu ndi nkhuku afikira.

Chotsiriza, tulutsani mpweya wotsalira m'tinjira, pakuti umatsekereza madzi. Lizani injini chivundikiro chili chotsegula, hita ya mkati mutaiika potentha, ndipo muziwonjezera madzi mpaka thovu litaleka ndi paipi ya pamwamba itatentha. Tsekani, yendani mtunda waufupi, ndipo m'maŵa mwake, injini ili yozizira, muonenso muyeso wa madzi ndi pansi pamene galimoto inagona.

Kwa inu anyamata ndi atsikana, tsiku limene galimoto ya kwanu ikukonzedwa, imani pafupi, mupatsire sipanala, mufunse dzina la chiŵiya chilichonse ndi ntchito yake. Paja safunsa anadya phula. Ndipo inu makolo, Loŵeruka lililonse m'maŵa tsegulani boneti pamodzi ndi mwana wanu, muone madzi, lamba ndi mapaipi musanalize injini.