Lamulo Ndilo Lasunga Nyumba ya Alendo Yakale

M'mudzi wa Norton St Philip, m'chigawo cha Somerset ku Mangalande, muli nyumba ya alendo yotchedwa George Inn, imene yakhala chiimire zaka zoposa 500. Ife tikuti chimene chikuisunga lero si mwayi ai, koma lamulo.

Poyamba inali yosungiramo ubweya wa nkhosa wa amonke a ku Hinton, ndiponso yogonamo amalonda obwera ku msika wa nsalu. Chipupa chapansi nchamiyala. Zipinda zam'mwamba, zimene zinamangidwa pambuyo pake, nzamatabwa, ndipo zinachita kutulukira kumsewu kupitirira chipupa chapansicho. Kuseri kuli bwalo, ndi nsanja ya makwerero ozungulira.

M'chaka cha 1685 Duke of Monmouth, poukira Mfumu James II, anaika likulu lake m'nyumbayi. Iye anagonjetsedwa ku Sedgemoor nadulidwa mutu ku London, nyumba inatsala.

Tsopano ili m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa, lotchedwa Grade I. Mwini wake sangachotse zenera lakale, ngakhale kugumula chipupa, popanda chilolezo cha akuluakulu a boma. Akatero ndi mlandu wa kukhoti. Alipo ena odandaula kuti lamulo lotere limamanga manja a mwini nyumba, ndi kuti kukonza motsata mamangidwe akale kumadya ndalama zambiri. Sitikana. Koma inu amene mumavomereza mapulani a zomanga mukudziwa kuti mmisiri waphuma sachedwa kuzula mtanda wa makolo ndi kuthirapo simenti. Lamulolo silinatseke malonda: m'zipinda zija alendo akugonamobe.