Wophunzira Asadziyese Dotolo

Chizolowezi chodzigulira mankhwala popanda kuonana ndi dotolo chazika mizu ngakhale pakati pa ophunzira a sukulu za ukachenjede, amene mtundu umawayesa ozindikira. Wophunzira akamva mutu kapena kuphwanya m'thupi mayeso atayandikira, amafunsa mnzake wa m'chipinda kapena intaneti, nakagula Panado, Bactrim kapena makapusozi a amoxicillin. Akapezako bwino tsiku lachiwiri, otsalawo amawaponya m'sutikesi.

Nkhawa yathu ili pa sutikesi imeneyi, pakuti nthawi ya tchuthi imapita kumudzi. Tiyerekeze wophunzira wa ku Zomba amene kwawo ndi kwa Mfumu Mwambo, kaya ku Jali kapena ku Kachulu. Kumeneko mawu a mwana wophunzira amalemera. Khanda likatentha thupi usiku, mayi amathamangira kwa iye, ndipo iye, poopa kuoneka wosadziwa, amatulutsa zotsala zija. Komatu kutentha thupi m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa kawirikawiri ndi malungo, amene amoxicillin sangawachize. Panado amangoziziritsa thupi, matenda nkumapitirira mkati. Kutsegula m'mimba nakonso kutha kukhala kolera, yomwe inasautsa asodzi a panyanjayi mu 2016. Wodwala kolera amafuna madzi a Thanzi ndi chipatala mwamsanga, osati kapusozi.

Dziko lino linalumidwapo kale. Chloroquine anali mankhwala otsika mtengo ndi odalirika, opezeka m'golosale iliyonse, koma tizilombo ta malungo tinamuzolowera, ndipo kumwa moperewera kunathandizira. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya ndi kutenga Fansidar. Nayenso anafooka, mpaka mu 2007 Boma linabweretsa LA. Munthu wamkulu ayenera kumwa mapiritsi 24 a LA m'masiku atatu. Amene amwa theka nasungira mlongo wake theka linalo akukonzera LA manda omwe munalowa anzake aja.

Tikudziwa kuti mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndipo nthawi zina mankhwala amasowa. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo a zaumoyo alimve. Koma kuyeza magazi a malungo kumatenga mphindi zochepa, ndiponso m'zipatala za Boma nkwaulere.

Kotero tikupempha aphunzitsi kuti poyamba kuphunzitsa za malungo azinenanso za kumaliza mankhwala, pakuti wophunzira wa ku koleji anadzera m'manja mwawo. Akuluakulu a m'makoleji aonetsetse kuti zipatala za pasukulu zikuthandiza ophunzira msanga, makamaka nyengo ya mayeso. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lisathere m'mizinda mokha. Lifike pamisika ya kunyanja, ndipo mafumu aliuze amene akugulitsa makapusozi pathebulo pamodzi ndi sopo ndi machesi.